Ethel M'chovala cha Ubweya

Ethel Alufandika anabwera ku Leicester, mzinda wa kuno kwa azungu, mwana wake Atuweni asanayambe sukulu. Anamusiya ku Ndirande kwa mchemwali wake, akuti adzamutenga mapepala akatuluka. Mapepalawo sanatuluke.

Ankagona m'kachipinda ku Braunstone, dera la mumzinda womwewu, ntchito yake kusambitsa nkhalamba m'makomo mwawo. Mmodzi mwa iwo anali gogo Irina a ku Evington, amene makolo awo anathawa ku Russia ufumu wa kumeneko utagwa. Pakhoma pawo panali chithunzi chachikulu chojambula ndi penti. Anali agogo awo aakazi, mkazi wa nduna ya mfumu, atakhala pampando wagolide, diresi loyera, mikanda pakhosi, ubweya wa nyama paphewa, manja osalala oti sanagwirepo tsache. Maso ali kumbali, ngati wojambulayo ndi wantchito wawo.

Ife kuno timatumiza zithunzi kumudzi titatsamira galimoto za eni. Ethel anaposa pamenepo. Tsiku lina gogo Irina anamuveka ubweya wakale wa m'bokosi, kumukhazika pansi pa chithunzicho, kumukweza chibwano.

"Yang'ana uko, ndipo usamwetulire," anatero gogowo. "Akazi aulemu saonetsa mano."

Anamujambula ali choncho. Ethel anandionetsa chithunzi chakecho pafoni titatuluka m'tchalitchi chomwe timapemphera limodzi. Ndinati, "Make Atuweni, chithunzichi n'chabodza. Musatumize."

"Iii bambo, inunso! Mukufuna mwana andione nditavala magulovu, ndikutaya zoipa za nkhalamba?"

Anatumiza. Mchemwali wake anachikulitsa n'kuchipachika pabalaza. Atuweni anakula akuchiyang'ana, iye akupita kusukulu ndi nsapato zong'ambika.

Mu 2018 mtsikanayo, atakula, anayankha foni n'kunena kuti, "Amayi, musamandiimbirenso. Inu mukukhala ngati mfumukazi, ine munanditaya. Ngakhale pachithunzi simundiyang'ana."

Ethel anajambula zonse zoona: bedi lake, nkhungu pakhoma, yunifolomu yoyanika pachitseko, miyendo yake yotupa. Anatumiza. Yankho linabwera lalifupi: "Mwabwereka chipinda cha wantchito wanu."

Nanenso ndinayesa kumuimbira mtsikanayo. Anati, "Agogo, akutumani," n'kudula.

Gogo Irina anamwalira, chithunzi cha penti chija anatenga adzukulu awo. Ethel akadali ku Braunstone, akukwerabe basi ya m'mamawa. Foni ikalira amaithamangira, koma sakhala Atuweni. Ku Ndirande chithunzi cha Ethel chija chikadali pakhoma. Akuti alendo amachisirira.