Wopirikitsa Ng'ona pa Ubatizo

Geresomo wa kwa Nyachikadza anali msodzi wa milamba, koma kwa zaka khumi ndi ziwiri ankagwiranso ntchito ina yaulere. Mpingo wa m'mudzimo ukamabatiza anthu mu Shire, iye ankaima m'bwato n'kumamenya madzi ndi nsungwi kuti ng'ona zisayandikire. Akuba mbuzi anamizidwa iye akulondera. Zidakwa zinavuuka zikuimba aleluya. Koma mwiniwakeyo ubatizo ankangouonera m'bwato.

Mlandu wake unali Estere, mkazi wa malemu mkulu wake. Madzi osefukira atakokolola mwamunayo ndi nyumba yomwe, abale anauza Geresomo kuti alowe chokolo. Iye anangom'mangira kanyumba kuseri, mkazi wake Magret n'kumamugawira ufa. Mayiyo anali wokalamba, maso atayamba khungu. Akuluampingo sanafune kumva zambiri, anangoti ndi mitala, basi.

Chaka ndi chaka Geresomo ankalowa kalasi ya ubatizo, ndipo mayankho ankawadziwa kuposa ophunzitsa: kubatizidwa ndi kufa ku uchimo n'kuuka munthu watsopano. Ankaufunitsitsa ubatizowo, poti msodzi sadziwa tsiku limene bwato lidzam'tembenukire. Koma Abusa Fumbani yankho lawo linali lomwelo: "Ayambe achoka mayiwo." Nkhanza zenizeni, zonenedwa ndi mawu ofatsa!

Estere anazimva. Lachisanu lina, Geresomo ali kudambo kosodza, anamanga kamtolo kake n'kukwera bwato la ogula nsomba. Anapita ku Mozambiki, kwa abale ake amene sanam'tumizirepo ngakhale moni.

Lamulungu m'mawa, tsiku la ubatizo, Geresomo pochokera kudambo kuja anangofikira padooko ndi nsungwi yake, osadziwa kanthu. Abusa anamulandira akumwetulira.

"A Geresomo, chopinga chija chachoka. Mayi aja awoloka okha. Tsikani, lero tiyambira inu."

Geresomo anaimirira m'bwatomo.

"Nkhabe! Ndakana, abusa! Munthu wosaona akukagona pakhonde pa eni, inu mukuti chopinga? Madzi amenewa amatsuka machimo kapena amapirikitsa amasiye?"

Anaponya nsungwi pamapazi pawo n'kukankha bwato. Anthu makumi atatu ovala zoyera anangoti kakasi pagombe, palibe anayerekeza kuviika ngakhale chala.

"Bwererani!" abusa anakuwa. "Mwayi uwu mwaudikira zaka zonsezi!"

Geresomo ankapalasa misozi ili chuchuchu, poti ubatizowo ankaufunabe.

"Ndikukam'tenga mlamu wanga. Mukakana kundibatiza iye ali pakhomo panga, mudzandikwirire chomwechi."