Tiona, Kagalu ka Mkamwa Mofewa

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamuka ku Scarborough, kusiya nyumba yosanja ija ya chikepe chonunkha anyezi, n'kukakhala ku Oshawa kumene lendi inali yofewerapo. Munali m'ma 1990, ine ndili ndi zaka khumi. Kanyumba katsopanoko kanali ndi kabwalo kuseri, kaudzu pang'ono ndi mpanda wamatabwa. Amayi atangokaona anayamba kuyeza ndi maso pobzala mpiru. Bambo anaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kulengeza kuti pamenepa pakufunika galu.

Bambo anakulira ku Ntcheu asanabwere kuno kutsidya la nyanja, ndipo nkhani zawo za uzimba zinkakula chaka ndi chaka. Kuntchito anapalana ubwenzi ndi mzungu wina, a Gordon, amene ankasaka mbalame nyengo imene masamba amafiira. Bambo anachita maphunziro a mfuti, chilolezo anatenga, chinangotsala ndi galu. Iwo ankafuna chigalu chachifuwa, chouwa mpaka mawindo anjenjemere. Amayi ankafuna galu wogona panja monga kwathu, koma atakumbukira chisanu cha Januwale anagonja theka. Anati ngati chinyamacho chizigona m'nyumba mwawo, chikhale chokwana pansi pa tebulo la kukhitchini. Lamulo la amayi linalibe apilo.

A Gordon anatilozera famu ina kumpoto kwa tauni. Ndimakumbukirabe fungo la m'kholamo, la utuchi wonyowa ndi udzu wouma. Mayi woweta agaluyo, wa nsapato zamphira zofika m'mawondo, anatiuza kuti tiagalu take n'ta mtundu wa sipaniyelo waung'ono umene amautcha koka. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Koka? Kakoka chiyani kameneka? Ngakhale bokosi la machesi sikangalisunthe."

Anayamba kuyesa tiagaluto mwachikwathu, kunyamula kamodzikamodzi ndi chikopa cha pakhosi kuti aone kolira ndi kolimba mtima. Mayi uja maso anangoti tong'o. Chimene chinawasangalatsa bambo ndi michira yodula, poti kwawo ankadula galu mchira kuti akhale waukali, ndiye anati mzunguyu akudziwako ndithu. Koma mayiyo atayamikira kuti agalu ake ali ndi mkamwa mofewa, moti amanyamula mbalame osailuma, nkhope ya bambo inagwa. Kwa iwo galu wa mkamwa mofewa anali ngati khasu lopanda mpini.

Ine ndinali nditasankha kale. Kanalipo kamodzi kakakazi, kofiirira, makutu okwekwereza pansi, kamene sikanatilabadire n'komwe. Anzake ankatinyambita zala, iko mphuno ili pansi, uku ndi uku, mpaka kanafika pa bokosi la pakona pamene mayi uja ankasungira phiko la mbalame. Kanalisolola, n'kubwera nalo kudzaliika pa nsapato yanga. Sindinakayike mpang'ono pomwe, ndipo mpaka lero ndikasankha chinthu ndimasankha choncho. Ndinakakumbatira n'kukana kukatsitsa.

Bambo anavomera, koma ndi pangano. Mayi wa famuyo anali atanena kuti galu wake akapanda kutikhutiritsa tikhoza kumubweza. Choncho bambo anati masamba akadzafiiranso tidzapita nako kukasaka, ndipo kakapanda kubweretsa mbalame, pobwerera tidzakhotera ku famu komweko. M'galimoto anakapatsa dzina: Tiona.

Anzanga kusukulu anati ndi dzina lokongola, longa Fiona, ine n'kumanyadira. Amayi ndi amene ananditsegula m'maso tsiku lina akundiluka tsitsi. Anati kwathu dzina la galu limayankhula. Munthu akakhala ndi mawu amene sangamuuze mnzake pamaso, amawapachika pa galu: Mudzatopa, Ndakulakwiranji, Adaniwanga. Akamaitana galuyo pabwalo, mwini nkhani amamva yekha ali kwawo.

"Ndiye bambo akowa akunena ndi iwe," anatero amayi, akukoka tsitsi. "Akuti tiona ngati unasankha galu kapena chidole."

Zinandipweteka, koma zinandilimbitsanso. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kuseri ndi sokosi yakale ya bambo yodzaza nthenga. Vuto linali limodzi. Bambo ankakalamula m'Chichewa, ndiye Tiona Chingelezi sankachimva. Ine, amene makolo akandiyankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chingelezi, ndinayenera kupinda lilime: khala, tenga, bwera nayo, siya. Zimene amayi analephera ndi mikuluwiko yawo yonse, kagalu kanazitheketsa m'chilimwe chimodzi.

Wotiseka wamkulu anali amalume a Zulu, mnzawo wa bambo wa ku Chipata amene ankakhala ku North York. Akabwera Loweruka ankakweza miyendo m'mwamba Tiona akamadutsa, n'kumafunsa bambo:

"Manje a Banda, aka ni kagalu olo ni mopu? Muziuzako alendo, tingakapukutire nsapato."

Bambo ankaseka nawo, ndipo kuseka kwawoko n'kumene kunkandiwawa kuposa mawu a amalume.

Tsiku la pangano linafika, ndipo a Gordon ndi amene anatitsogolera. Kunali m'mawa wozizira, udzu utayera ndi chisanu chopyapyala chimene chinkalira kuphwa kuphwa pansi pa nsapato. Tonse tinavala majekete a alenje owala ngati lalanje, ngakhale amalume, amene anabwera kudzaonerera basi. Tinalowa m'munda wokolola kale, mapesi ali mbwee, m'mphepete muli zitsamba zaminga. Tiona anasanduka galu wina. Ankathamanga chokhotakhota patsogolo pathu, mphuno pansi, kachitsa ka mchira kakunjenjemera, ndipo ankalowa m'ziyangoyango momwe chigalu cha maloto a bambo chikanangoima panja n'kumauwa.

Mwadzidzidzi chitsamba chinaphulika. Inali fezanti, mbalame ya mchira wautali imene bambo ankangoitcha nkhwali ya kuno. Mfuti ya bambo inalira, mbalame inapindika m'mwamba n'kugwera m'minga. Tiona analowa. Patapita kanthawi anatuluka nayo, mbalame pafupifupi msinkhu wake womwe, mchira ukukwekwereza pansi.

Apa ndi pamene Ntcheu inadzuka mwa bambo. Kwawo galu akagwira nyama umathamanga, ukachedwa upeza nthenga zokha. Anapatsira a Gordon mfuti, anathyola kamtengo, n'kuliyatsa liwiro akukuwa, "Siya! Siya, iwe!" Munthu wamkulu, wa magalasi, kulumpha mizere ngati mnyamata woweta mbuzi. Tiona anaima, anaona mbuye wake akubwera ndi ndodo, ndipo anachita zimene aliyense wanzeru akanachita. Anatembenuka n'kuthawa nayo mbalame kulowera kuthengo.

"Zapita ndiwo!" anakuwa amalume, akudziguguda pantchafu.

Ndinaona msewu wa ku famu uja m'maso mwanga. Koma galu wangayo ndinkamudziwa. Ndinagwada pa udzu wozizirawo, ndinatambasula manja, n'kuitana mofatsa monga tinkachitira kuseri kwa nyumba.

"Tiona, bwera nayo. Bwera nayo kuno, mwanawe."

Kanasuzumira m'zitsamba. Kanazungulira patali, kuwalambalala bambo ndi ndodo yawo, n'kudzakhala pansi patsogolo panga. Kanaika mbalameyo m'manja mwanga pang'onopang'ono, ngati mayi akupatsira mnzake khanda. Inali yofunda ndi yolemera. Bambo anafika ali wefuwefu, anailanda, anaitembenuza uku ndi uku, akupatula nthenga ndi chala kufuna pamene mano analowa. Anafufuza nthawi yaitali ndithu. Panalibe ngakhale pamodzi.

Amalume a Zulu anavula chipewa, kuzizira konse kuja.

"A Banda," anatero, "taona."

Pobwerera Tiona anagona pamiyendo panga, makutu odzaza chisoso cha kuno, akununkha matope. Titayandikira mphambano ya ku famu ija ndinamufungatira Tiona mwamphamvu. Bambo sanachepetse liwiro, sanayang'anenso mbali imeneyo. Titafika kunyumba anatsegula okha chitseko cha kukhitchini, anaima pambali monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka, n'kunena kuti, "Taona, lowa." Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepese. Anangosintha chilembo chimodzi, ndipo ine ndinamva zonse.

Masiku ano anthu amasankha galu pa foni, kuyang'ana zithunzi ngati akugula nsapato, n'kumupatsa dzina la bisiketi. Minda ina imene tinkadutsa popita kosaka pano ndi nyumba zokhazokha. Bambo anakalamba, mfuti anaisiya kalekale, koma nkhani ya tsiku lija amaifotokozabe, kungoti m'kafotokozedwe kawo ndi iwo amene anasankha galuyo, ndipo za ndodo zija sizitchulidwa. Ine sinditsutsa, munthu wamkulu satsutsidwa pagulu. Ndinangogula kasipaniyelo kanga, kofiirira, ka makutu okwekwereza pansi. Ana anga ndi anansi amakaitana Nina, poganiza kuti ndi dzina lokongola. Koma bambo akabwera kudzacheza, ndimaima pakhonde n'kukaitana dzina lake lonse, mokweza bwino: "Ndinanena! Bwera kuno!"