Mabedi Anayi M'chipinda cha Atelala

Malo a sukulu ku yunivesite ndinawapeza, koma malo ogona ayi. Mahositelo anali atadzaza kalekale, ndiye ndinazungulira m'tinjira ta kuseri kwa mpanda wa sukulu, chikwama chili kumutu, mpaka ndinafika pa mdadada wina wa zipinda zoyang'anizana ndi mpopi umodzi. Kumeneko sachititsa lendi chipinda, amachititsa lendi bedi. Ine anandipatsa lapamwamba, pafupi ndi malata, pomwe masana umamva ngati wina akukuwamba dala. Tinkagona anayi m'chipinda choyenera munthu mmodzi ndi mphaka wake.

Chipinda chakumapeto chokha ndicho chinalibe ophunzira. Munkakhala mayi wina wosoka zovala, yemwe tonse tinkangowatchula kuti Atelala, pamodzi ndi amuna awo, Alonda. Bambowa analondera pageti la yunivesite zaka zambiri, kufikira pamene sitiroko inawafoola mbali imodzi n'kuwalanda mawu. Ntchito inapita, dzina lokha n'kuwatsalira.

Atelala anali afupi, onenepa pang'ono, ovala magalasi omwe mwendo wake umodzi anaumanga ndi ulusi wakuda. Ankalankhula ataluma mapini, koma mawu awo osasochera ngakhale limodzi. Ukawapititsira siketi kuti aichepetse, ankayamba aikweza m'mwamba kuti aliyense wa pampopi aione.

"Iyi ndiichepetsenso? Mwanawe, ukatero utsala ndi lamba yekha. Amayi ako akudziwa kuti unabwera kudzaphunzira zimenezi?"

Kenako ankaisoka bwinobwino monga wanenera, n'kukuuza kuti udye kaye usanapite m'kalasi chifukwa wawonda ngati singano.

Chipinda chimenecho chinali moyo wawo wonse, ndipo sindikukokomeza. Makina ankakhala pakhomo penipeni, pomwe makasitomala, ndiye ifeyo, tinkadutsa m'mawa ndi madzulo. Bedi la Alonda linali mkati. Atelala ankapalasa makina, kuima, kukawatembenuza kuti asachite zilonda, kuwamwetsa phala ndi kasupuni, kubwerera pa makina. Pa mdadada wonsewo, chipinda chawo chokha ndicho chinalibe sitepe, ndipo chimbudzi chinali pafupi, moti ankatha kuwakhazika bambowo pampando n'kuukoka okha popanda kupempha munthu. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwalanda ntchito ndi mwamuna nthawi imodzi.

Anabwera pamalopo kale, mwini nyumba wakale ali moyo, zipinda zonse muli mabanja. Mkuluyo atamwalira, malowo anagwera m'manja mwa mwana wake, mnyamata wa nsapato zosongoka ndi makiyi a galimoto ozunguza pachala. Ameneyu ndiye anatulukira nzeru yakuti banja limalipira kamodzi, pamene ophunzira amalipira mutu uliwonse. Amati mutu umodzi susenza denga, iye mwambiwo anaumva mwa njira yakeyake. Mabanja anachoka limodzilimodzi, ndipo ife tinamupatsa dzina loti Chiwerengamitu. Akalowa pageti sankapereka moni, maso ake ankangoyenda pamitu pathu.

Tsiku lina masana ndikuchapa pampopi, anabwera ndi wowotcherera zitsulo, yemwe ankamupangira mabedi osanjikiza. Sanagogode n'komwe. Analambalala makina n'kulowa, wowotcherera uja akumutsatira mwamanyazi, tepi ili m'manja.

"Kwagwanji, bambo?" anafunsa Atelala. Ankamutcha bambo, chonsecho yunifolomu yake yoyamba ya kusukulu anamusokera ndi iwo.

"Tikungoyeza, amayi. Semesita ikubwerayi muno mulowa mabedi anayi."

"Nanga ife?"

"Ine sindikuthamangitsa munthu. Mukafuna kukhala, muzilipira mitu inayi, basi."

"Mitu tili nayo iwiri, bambo, winawo ndi uwo mukuuonawo."

"Zimenezo ndi za m'banja mwanu, amayi. Ine ndili pa bizinesi."

Tepi ya wowotcherera inkangopindika, osafika kukhoma linalo, chifukwa pakati panali bedi la wodwala. Munthuyo anayang'ana uku ndi uku kusowa womugwirira. Atelala analavulira mapini m'dzanja, anadzuka, n'kugwira nsonga ya tepiyo pamwamba pa chifuwa cha amuna awo. Sankatha kuona munthu akuvutika ndi muyezo iwo ali pomwepo. Alonda ankangotsatira tepiyo ndi maso. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sindidziwa amene anandikwiyitsa kwambiri, woyezetsayo kapena wogwirirayo.

Madzulo ake m'zipinda mwathu munali msonkhano wa moto. Wina amati tikanene ku bungwe la ophunzira, wina amati tonse tisamuke tsiku limodzi aone. Wophunzira zamalamulo anatchula ndime zambirimbiri mpaka thovu kukamwa. Koma kusamuka n'kupita kuti? Pageti tsiku lililonse pankabwera anzathu ena kudzafunsa ngati pali bedi lopanda munthu. Mayeso nawo anali atayandikira. Nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo moto wathu uja unazima wokha sabata isanathe.

Loweruka lina ndinawaperekeza Atelala kukafuna chipinda, titasiya mnzanga wina akuyang'anira Alonda. Anavala diresi yawo ya kutchalitchi, ati eni nyumba amayamba aona zovala asanaone munthu. Tinayenda mpaka mapazi kutupa. Khomo lililonse yankho linali limodzi: ophunzira okhaokha. Magalaja anasanduka zipinda, makhitchini anasanduka zipinda, pena ngakhale khola la nkhuku analipaka laimu n'kuikamo bedi. Mayi wina wa ndolo zikuluzikulu anatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mtsikanayu malo ake alipo, alowe ngakhale lero. Koma inu mayi, pepani. Mabanja amabwera ndi katundu, alendo, maliro. Wophunzira ndi mame, chaka chikatha wapita."

Atelala anathokoza mwaulemu, mpaka kupinda maondo. Tili m'njira anandiuza kuti diresi ya mayiyo inasokedwa mokhota paphewa.

Chipinda chinapezeka kutali, kumathero a tauni, pamwamba pa chitunda. Kuti ufike pakhomo unkakwera miyala, chimbudzi chili kutsidya kwa ngalande, ndipo anthu akumeneko sankasoketsa zovala, ankagula za kaunjika. Atelala anaima pakhomopo, kuyang'ana miyala ija, n'kupukusa mutu. Tinabwerera kunyumba.

Mapeto ake nkhani inagamulidwa ndi achibale. Mlongo wawo wa Alonda anati abwera kudzatenga achimwene ake akawasamalire kumudzi. Atelala akanatsatira, koma kumudziko makina akanasokera ndani, ndipo mankhwala a bambowo akanagulidwa ndi chiyani? Anagwirizana kuti iwo atsale m'tauni azisoka n'kumatumiza. Ponena zinkamveka zanzeru ndithu.

Galimoto inabwera m'mawa, ife tikukonzekera kupita kukalemba mayeso. Anayala matiresi kumbuyo. Amuna awiri ananyamula Alonda, wina kumapewa wina kumiyendo, koma atafika pakhomo anaima. Dzanja lamoyo lija linali litagwira felemu la chitseko. Anakoka pang'ono, osatheka. Munthu wowonda ngati uja, mphamvu anazitenga kuti sindikudziwa. Kukhosi kwawo kunkatuluka kaphokoso kopanda mawu, maso ali pa akazi awo.

"Achimwene, tayani chitseko, dalaivala akuchedwa," anatero mlongo wawo uja. Kenako anatembenukira kwa Atelala. "Alamu, alankhuleni ndinu. Ife satimva."

Atelala anayandikira. Anawapukuta malovu ndi nsonga ya mpango wawo, n'kuwakonzera kolala ya shati.

"Bambo, musandichititse manyazi pa ana. Ndizibwera. Mwamva? Ndizibwera."

Dzanja silinamasuke. Ndiye iwo eni anayamba kumasula zalazo, chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono, ngati akusula msoko wolakwika. Chala chachikulu chitachoka anagwira dzanjalo kanthawi, n'kuliika pachifuwa pa mwini wake. Ine ndinalira poyera, osabisa. Mayeso a tsiku limenelo sindikumbuka zomwe ndinalemba.

Titabwerako ku holide tinawapeza Atelala pakhonde la golosale ina kunja kwa geti, makina ali pakati pa makireti a zakumwa. Ankagona kuseri kwa golosaleyo, mosungira katundu, mwa chifundo cha mwini wake yemwe ankapemphera naye limodzi. Anali atatha thupi, nthabwala zija zitachepa. Nditafunsa za Alonda anati uthenga ukubwera woti akumafumbata pakamwa akamawadyetsa munthu wina, ndipo msana wayamba zilonda.

"Ndipita mwezi ukatha," anatero. "Pano ndi nthawi ya ntchito, ana atsopano abwera. Ndikachoka pano, bambowo adya chiyani?"

Tikulankhula choncho panafika atsikana awiri a chaka choyamba, nkhope zowala, atanyamula nsalu ya maluwa achikasu. Sankadziwa kanthu, ndipo panalibe chifukwa choti adziwe.

"Amayi, akuti inu mumasoka makatani. Tikufuna ya pazenera, anyamata akumasuzumira. Tikukhala pa mdadada uwo, chipinda chakumapeto. Koma ayi ise, taiwala kuyeza!"

"Musavutike," anatero Atelala.

Anayala nsaluyo pamiyendo, kuipinda, n'kuidula osafunsanso kanthu. Lumo likuyenda anafunsa, maso ali pansaluyo, kuti ndani akugona bedi lapansi la kuzenera.

"Ndine, amayi," anayankha wamng'onoyo.

"M'mawa uzikoka kataniyi, dzuwa lilowe. Limafika pabedi pomwepo, pamiyendo. Munthu ngakhale sangathe kutuluka panja, amawothako."