Nyumba ya Baba ya Masiku Asanu ndi Awiri

Twaibu anali mmisiri womanga nyumba asanakhale dalaivala, ndipo manja ake sanaiwale. Ngakhale ku Doha kuno, akaima pa maloboti, maso ake ankathamangira pa makoma a eni ake kuona ngati mzere wa mabuloko unawongoka. Anabadwira ku Ntaja, ntchito anaphunzirira ku Liwonde, ndipo ku Qatar anafika imvi zitayamba kale kusuzumira. Ankagwira ntchito pa nyumba ina ku Al Markhiya, kuyendetsa mkulu wina wokalamba amene antchito onse ankangowatchula kuti Baba.

Panali chinthu chimodzi chimene Twaibu ankachidziwa ngati dzina lake, chakuti puloti ukaisiya yopanda kanthu imapita. Anachiphunzira ndi misozi. Mayi ake anali ndi puloti ku Liwonde, mapepala onse ali m'chikwama, koma anachedwa kumangapo. Chaka china atapita kukalambula anapeza munthu wina wakumba maziko, mkazi wake akuyanika zovala ngati kwawo. Mlandu unayenda zaka zinayi, ndipo kulikonse funso linali lomwelo: nanga inu munaikapo chiyani? Mayiwo anamwalira ali m'nyumba ya lendi.

Baba nawo anali ndi puloti, pa chilumba china chimene anthu anachita kupanga pothira mchenga m'nyanja. Bambo awo anali msodzi, ndipo Baba ankafuna kumalizira moyo wawo akumva fungo la madzi amchere. Koma zaka zisanu zinadutsa osaikapo ngakhale mwala. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, Twaibu ankawatengera kumeneko. Ankatsika, kuima pa mchenga, kuyang'ana madzi, n'kubwerera m'galimoto. Twaibu zinkamunyansa. Munthu wa ndalama zake, kumangozonda mchenga ngati wodwala? Atafunsa, Baba anangomuuza kuti aleze mtima: "Sabr, Twaibu. Pepala." Chiarabu cha Twaibu chinali chogulira buledi, Chingerezi cha Baba chinali cholozera njira, ndiye nkhani inathera pomwepo. Iye anangoganiza kuti mkuluyu ndi wozengereza basi.

Korona itabwera, Baba anagonekedwa m'chipatala pafupifupi miyezi iwiri, popanda wololedwa kukawaona. Twaibu ankapitabe kuchilumba kukatola zinyalala pa puloti. Tsiku lina anapeza kontalakita wa puloti yoyandikana waunjika zitsulo mbali ya Baba, ndipo amuna awiri a zipewa zolimba akuyeza ndi makina a miyendo itatu. Ku Liwonde zinayambanso chonchi.

Kuseri kwa nyumba ya ku Al Markhiya kunali mabuloko otsala pamene ankakonza mpanda. Twaibu anawapakira m'pikapu, anagula simenti yekha, ndipo sanauze munthu, poti ankafuna kuti Baba akadzatuluka adzaseke. Masiku atatu, dzuwa lisanayambe kuwotcha, anakumba, anakoka chingwe, namanga mizere itatu ya mabuloko kuzungulira, kusiya mpata wa chitseko moyang'ana kunyanja. Inali ntchito yaudongo, tisaname. Anaijambula n'kutumizira mkazi wake Rukia ku Ntaja, ndipo Rukia anayankha kuti Mulungu amudalitse chifukwa cha mtima wake.

Baba anatuluka m'chipatala ataonda, akupuma mobanika. Patangopita masiku anayi kunabwera kalata yochokera ku ofesi yoyang'anira chilumba, ili ndi chithunzi cha maziko aja. Mwana wawo wamkulu anaiwerengera pakhonde, kenako anamuyang'ana Twaibu.

"Iwe?"

"Ine, bwana," anatero Twaibu, akumwetulira mpaka mano onse pamtunda.

Mwanayo anamuponyera kalatayo pachifuwa n'kumenyetsa chitseko. Twaibu anatola kalatayo. Madzulo ake anakwera basi kupita ku Najma kwa Lyton, injiniya wa ku Dedza amene Amalawi ambiri ankamuthamangira mapepala akawavuta. Lyton anawerenga kawiri, anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"A Twaibu, mwamanga popanda pemiti?"

"Si nyumba ayi, achimwene. Ndi maziko chabe, oteteza malo."

"Kuteteza kwa ndani? Kuno puloti ili mu sisitimu. Ikhale zaka handiredi, palibe angaikhudze. Aja munawaona aja ankangocheka mabaundale awo."

Kenako Lyton anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza munthu za maliro. Chilumbacho chinali ndi mlatho umodzi ndi mapaipi a madzi ochepa, choncho ofesi inkangolola nyumba zowerengeka pa chaka. Eni mapuloti onse anali pa mzere, kudikira chilolezo. Limeneli ndiye linali pepala lija. Baba anali atadikira zaka zisanu, ndipo tsopano anali wachitatu. Chaka chomwecho akanayamba kumanga. Koma lamulo la pachilumbapo linkati womanga asanaloledwe agwetse pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo dzina lake libwerere kumapeto kwa mzere.

"Kumapetoko ndi kutali bwanji?" anafunsa Twaibu.

"Anthu oposa thuu handiredi. Zaka sikisi, mwina seveni."

Baba anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndi mapapo amene korona inali itangowatafuna. Twaibu sanafunike kuwerengera pa zala. Anakhala pa bedi la Lyton osatha kuphethira. Anthu aja a ku Liwonde analanda malo a mayi ake ndi mtima woipa. Iye anali atalanda nyumba ya Baba ndi mtima wabwino, ndi simenti yogula yekha.

"Khalas, basi, zachitika," anatero Lyton. "Mverani ine, madala. Malamulo asintha, pano mutha kutransifa popanda kalata ya bwana. Mahotela a ku West Bay akufuna madalaivala. Aplayani mawa, mwana uja asanakukanselereni viza."

Twaibu anathokoza, koma mawa lake sanapite ku West Bay. Analowa m'chipinda chochezera, anakhala pansi pafupi ndi mapazi a Baba, n'kupempha mwana uja kuti amasulire. Ananena zonse: za puloti ya ku Liwonde, za zovala zoyanikidwa, za funso la oweruza, za mayi ake. Mwanayo anayamba kumasulira mokalipa, koma pofika kumapeto mawu ake anali atatsika. Twaibu ankayembekezera kuthamangitsidwa, ndipo kunena zoona ankakufuna, chifukwa kukanamupepukirako.

"Yalla, tiye," anatero Baba. "Galimoto."

Atafika pachilumba, Baba anatsika ndi ndodo yawo. Khomalo linali lofika m'mawondo, loti mwana akanalilumpha, koma iwo analizungulira mpaka pa mpata uja.

"Bab?" anafunsa, kutanthauza chitseko.

"Eee, Baba. Chitseko."

Analowera pamenepo, nakakhala pa khoma kuyang'ana nyanja. Mawa lake anabweranso, atanyamulitsa fulasiki ya tiyi. Masiku asanu ndi limodzi anachita zomwezo, akuloza ndi ndodo pamene pakanakhala chipinda chawo ndi pamene pakanakhala zenera. Sanamudzudzule Twaibu ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndi chimene chimamupweteka mpaka lero, akuwayendetsabe.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Twaibu anabwera ndi hamala. Anapempha kuti Baba atsale kunyumba, koma iwo anakana. Twaibu anayambira kumbuyo, kugumula buloko limodzilimodzi n'kupakira m'pikapu. Simentiyo inali itagwira bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anadana ndi luso lake. Pofika masana kunali kutatsala pokhapo pamene Baba anakhalira. Twaibu anaima patsogolo pawo, hamala ili m'manja, misozi ikunyowetsa masiki.

Baba anamaliza tiyi wawo, anatseka fulasiki, nadzuka movutikira. Galimoto inali kumbuyo kwawo, ndipo panalibenso khoma lowatchinga mbali iliyonse. Koma iwo anayenda cha kunyanja, natulukira pamene panali chitseko.