Chiluwe Chimene Ndinathyola

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene khama langa linatibweretsera tsoka kwathu, kufupi ndi Mtakataka. Munali mu Febuluwale, anthu asanaiwale njala ya 1949. Bambo anali ku Halale osalemba ndi kalata yomwe, m'nkhokwe munali mutatha, ndipo mayi anali chigonere ndi malungo. Chimanga chisanakhwime, moyo wathu unali pa maungu a kuseri kwa nyumba.

Mayi anandiuza ali pamphasa kuti dzungu lili ndi maluwa amitundu iwiri. Lachikazi limakhala ndi kadzungu kunsi kwake, pomwe lachimuna limaima pa kaphesi katali kowonda ndipo silibala. "Uzithyola aamuna okha, tiziphika chiluwe," anatero.

Ine ndiye kumvera mopitiriza muyeso. M'mawa uliwonse ndinkavundukula tsamba lililonse, mikono ikuyabwa, osasiya duwa lachimuna ngakhale limodzi, ngakhale losatseguka. Ndinkadziona ngati mayi wapanyumba weniweni.

Patatha masabata awiri, timaungu tinayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka. Ndinawaza phulusa, ndinapemphera, ndinaganiza zoti wina watilodza. Mantha anandigwira moti mayi sindinawauze.

A Gerevazio, amene ankagwira ntchito m'dimba la ansembe ku Mua, anandipeza ndikulira m'mundamo. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwanawe, nanga aamuna ali kuti?"

"Tinadya."

"Onse?"

Anagwira pakamwa. Kenaka anandifotokozera kuti m'duwa lachimuna mumakhala ufa wachikasu wotchedwa mungu, ndipo njuchi zikapanda kuutengera ku duwa lachikazi, kadzungu kamafa. Anati ndikapemphe maluwa aamuna kwa ena, ndizikhudzitsa pakati pa aakazi dzuwa lisanatenthe.

Ndinayenda khomo ndi khomo. Tangoganizani, kupempha maluwa m'mwezi umene aliyense akuwadya! Ena anandiseka, ena anandiyankha ali m'nyumba. Mayi wina anandipatsa asanu, ndipo ndinathamanga nawo kunyumba. Koma mvula inali itadula, mbewuzo zitayamba kufota. Anagwira maungu atatu okha.

Atamva, malume anabwera kuchokera ku Golomoti. Anaona mmene mlongo wanga Lusiyano, wa zaka zinayi, anaondera, n'kumutenga. Anati adzamubweza tikakolola. Ndinamuperekeza mpaka panjanji, iye atandikakamira pansalu. Sanabwererenso kudzakhala nafe. Anakulira komweko, ndipo tikakumana ankandipatsa moni ngati mlendo.

Mayi sanandimenye, sanandikalipire n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu. Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu. Lero ndikudziwa kuti mayi odwala anandiuza theka la nkhani, ndipo ine sindinafunse theka linalo poopa kuoneka mwana. Ndikamaphunzitsa adzukulu anga kuthyola chiluwe ndimawauza zonse, mpaka dzina la Lusiyano.