Mtanda wa Mphakati Ndinaunyamula Ndine

Mpaka lero kwathu kuno kwa Kabudula kuli abambo ena amene akandiona kuchigayo amayang'ana kumbali. Aziyang'ana. Mlandu wanga ndimaudziwa, ndipo mpata utapezekanso ndikhoza kuupalamulanso.

Mphakati wathu ndi mabanja ochepa a mpingo umodzi amene timakumana Lachinayi masana kudzapemphera, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uje. Tili ndi mtanda wathabwa, wotalika ngati mpini wa khasu, umene umagona sabata yathunthu m'nyumba yomwe yalandira mapemphero. Mwambo unali woti wounyamula akhale bambo, woyambitsa pemphero akhalenso bambo. Ife amayi zathu zinali kuyala mphasa, kuyambitsa nyimbo ndi kuvomera ameni. Chonsecho abambo obwera ukamawawerenga ndi dzanja limodzi, zala zina zinkatsala.

Chaka chimenecho tinali ndi mayi wina wa ku Phalombe, amene anabwera ndi amuna ake kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo. Sankajomba kumphakati, ngakhale mvula igwe chotani. Mu Febuluwale mwana wake woyamwa anamwalira ndi malungo, n'kuikidwa kumapeto kwa esiteti kumene amaika matenanti. Ife amphakati tinamva maliro atatha kale. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka pano.

Kawiri konse inakwana nthawi yoti tikapemphere kwake, kawiri konse abambo anamulumpha. Koyamba akuti dambo ladzaza. Kachiwiri akuti akusankha fodya, kutali. Kenaka fodya anatha, ndipo tinamva kuti Loweruka lole ibwera kudzatenga matenanti.

Mayi uja anandipeza pamjigo Lachiwiri. Sanalire. Anangopempha kuti mtanda ulowe m'nyumba mwake kamodzi kokha, ndiponso kuti tikaone pamene pagona mwanayo.

"Ine ndikapita, mayi, adzadziwa ndani kuti pamenepo pali munthu?"

Ndinakauza atcheyamani a mphakati, ndipo anavomera ndi pakamwa. Lachinayi tinasonkhana amayi asanu ndi anayi pakhomo pamene panagona mtanda, kuti tinyamukire limodzi. Atcheyamani anali atapita ku Nsaru kukakonzetsa njinga. Achiwiri awo anatumiza uthenga woti akudinda fodya wa mlamu wawo. Tinakhala pamphasa n'kumayang'ana kumsewu, azimayi akuluakulu ena a zidzukulu, kudikira kuti mwina padutsa thalauza.

Wina anati tipite chimanjamanja tikangoimba. Wina anati tidikire sabata yamawa, ngati kuti sakudziwa za lole. Apa m'pamene mtima wanga unatentha. Ndinalowa m'nyumba, ndinaupukuta fumbi mtandawo ndi nsonga ya chitenje, n'kuutulutsa. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'kupepuka kwake. Ine wosenza ndowa yodzaza ndi mwana kumsana, zaka zonsezi ndinkauopa ngati ndi thumba la feteleza.

Awiri anabwerera kwawo, akuti safuna milandu. Otsalafe tinawoloka dambo tikuimba.

Tinapeza mayi uja atazira nyumba yake yonse, kanyumba kaudzu koti akasiya mkuja lomwelo. Amuna ake anali atapita kukatsanzika kwa kapitawo. Ndinaimika mtanda pampando, n'kuyambitsa pemphero. Ndinasokoneza ndondomeko: zopempha ndinaziika patsogolo, zothokoza pambuyo. Denga silinagwe. Titatha mayiyo anatitsogolera kumapeto kwa munda, pansi pa mtengo wa msuku, pamene panali kamtumbira kakang'ono ndi kapu yapulasitiki yobzalika m'dothi. Anatiuza dzina la mwanayo kawiri, kuti tisaiwale.

Loweruka m'mawa anaubweza yekha mtandawo, ataukumbatira pachifuwa. Ndiye kuti amayi ounyamula tinakwana awiri, koma mnzangayo anakwera lole, mlandu n'kutsalira ine.

Lamulungu titaweruka, akuluampingo anayi anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Anandiuza kuti mpingo uli ndi dongosolo, ndipo mkazi satsogolera pemphero abambo alipo. Ndinafunsa kuti abambowo analipo kuti. Anati ndisayankhe mwamwano. Anatinso nkhaniyi safuna ifike kwa abambo mfumu kuparishi, ndipo ine ndinaona kuti amene akuopa kuti ifike si ine ayi. Anamaliza ndi kunena kuti ndipepese pamaso pa mphakati, apo ayi ndisiye kuyambitsa nyimbo.

Ndinagwada, chifukwa amayi anga anandiphunzitsa kugwadira akulu, ndipo anayi onsewo anamasuka nkhope poganiza kuti zatheka.

"Kupepesa ndipepesa, abambo," ndinatero. "Koma mmodzi wa inu ayambe wanditengera pamene pagona mwana uja, anenenso dzina lake. Anali wa mphakati wathu, eti?"

Wina anatsokomola. Wina anayamba kufunafuna chipewa chimene chinali pabondo pake pomwe.

Nyimbo anandiletsadi miyezi itatu, ndipo ndinkavomera za anzanga mokweza kuposa kale. Mayi uja sindinamuonenso. Mvula ikayandikira ndimatenga khasu, n'kuwoloka dambo kukalambula pansi pa msuku paja. Kupepesa kwanga kukudikirabe, chifukwa pa anayi aja palibe amene anandifunsapo njira.