Thaulo Lofiira la a Ntchentche

Pamdadada wathu, khomo lomaliza, lija loyang'anana ndi mpopi, ndi la a Ntchentche. Dzina lenileni ali nalo ndithu, koma linatha ntchito kalekale. Ngakhale ana amati, "Mwadzuka bwanji a Ntchentche?" iwo n'kuyankha bwinobwino, chikwama cha mabotolo chili paphewa.

Amagwira ntchito kuseri kwa yunivesite, pamalo otchinga ndi waya amene ngakhale agalu amalambalala. M'katimo mumagona nkhumba zakufa, ina padzuwa, ina pamthunzi, ina yokwirira pang'ono. Anzathu amaweta nkhumba kuti zinenepe, awa amazilondera kuti ziwole. M'mawa uliwonse amayeza kutentha, amatola mphutsi, amatapa dothi limene lanyowa pansi pa nyamazo, n'kupita nazo kwa Adokotala, mayi wa magalasi amene amaziika m'makina. Akuti nkhumba imawola mofananako ndi munthu, ndiye apolisi akapeza mtembo, zimenezi zimathandiza kudziwa kuti mwiniwake anatisiya liti.

Kusamba amasamba, kuntchito komanso kunyumba. Koma anthu akangodziwa ntchito yako, mphuno zawo sizikhulupiriranso sopo. M'minibasi a Ntchentche amakhala motakasuka ngati bwana. Mkazi wawo, amene ankawanunkhiza pakhosi n'kunena kuti "lero muli bwino, lowani," anamwalira. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, amaimba foni akakumbuka.

Khomo lapakati ndi la Atelala, mayi wamasiye amene amasokera pakhonde, diso limodzi pasingano, linalo pa aliyense wolowa ndi wotuluka. Awiriwa anakhumudwitsana pa nkhani ya shati.

"Mundikulitsireko iyi, mayi. Khosi likhale lalikulu."

"Mwanenepa liti, bambo? Bwerani ndikuyezeni."

"Si yanga. Ndi ya nkhumba. Adokotala akufuna aone ngati yovala imawola mosiyana ndi yosavala."

Kusoka anasoka, koma nkhaniyo inafika kumsika shati isanasitidwe. "Makina anga awa, osoka madiresi a ukwati!" Mpaka lero amadandaula.

Tsiku lina apolisi anabweretsa kuntchito kuja mphutsi m'botolo, zochokera m'chipinda cha bambo wina amene ankakhala yekha. Adokotala atayeza anati papita milungu bamboyo chimwalirireni. A Ntchentche, munthu wosakonda kufunsa, anafunsa.

"Analibe oyandikana nawo, bwana?"

"Analipo, mdadada wonse," anatero wapolisi. "Ankayesa wapita kumudzi."

Madzulo ake a Ntchentche anabwera ndi thaulo latsopano, lofiira psuu. Kuyambira pamenepo ankaliyanika pawindo m'mawa uliwonse, dzuwa likalowa n'kulichotsa. Ankaganiza kuti maso a anthu akalizolowera, tsiku limene lidzasowe wina adzagogoda. Koma sanauze aliyense. Bambo waimvi angayambe bwanji kupempha anthu amene amamulonjera chapatali kuti muzidzaona ngati ndafa?

Maso analizoloweradi. Atelala ankati ndi mbendera ya dziko la nkhumba.

Malungo anawagwira ali patchuthi, choncho kuntchito sanadabwe kuwasowa. Foni inathima ili patebulo, patali ndi bedi. M'mawa woyamba umene thaulo silinaoneke, amayi a pampopi anazindikira ndowa yoyamba isanadzaze. Komanso pakhomo pa a Ntchentche panali nsapato zachikazi, zakuda, zotsuka bwino.

"Thaulo palibe, makatani otseka, nsapato pakhomo. Mukufunanso chiyani, asisi?" anatero Atelala. "Zatheka! Wapezeka mayi wa chimfine chosatha."

"Tigogode?" anafunsa mkazi wa alonda, a pamdadada pomwepo.

"Mugogode chiyani inu? Asiyeni. Akhala okha nthawi yaitali."

Ndipo anachitadi ndi mtima wabwino. Ana analetsedwa kusewera mpira pafupi ndi khomolo. Wogulitsa makala anauzidwa kuti asakuwe. Mawa lake nsapato zinali pomwepo, ndipo mayi wosaonekayo anali atapatsidwa kale msinkhu, ntchito ndi mwamuna amene anamusiya.

M'katimo a Ntchentche ankamva zonse: ndowa kugundana, kuseka, dzina lawo kutchulidwa. Akamva dzina ankadzutsa mutu kudikira kugogoda. Ankaitana, koma mawu ankathera m'bulangete. Madzi a m'kapu anatha. Mapazi ankayandikira khomo, kenako ankabwerera mwakachetechete, mwaulemu.

Sindinena kuti anagona masiku angati, chifukwa pamdadada pano aliyense ali ndi nambala yake. Koma masana ena inalowa ntchentche pakabowo ka windo, yobiriwira, yonyezimira, ya mtundu umene umayamba kufika pa nkhumba zawo. Inazungulira chipinda n'kutera padzanja lawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ankaidziwa bwino ntchito yake.

"Wafulumira, mnzanga," anatero. "Ndikadalipo."

Anatsika pabedi ndi mawondo, anakwawa mpaka pachitseko, anakoka loko, n'kugwera panja pambali pa nsapato zija. Atelala anakuwa mpaka kusiya diresi la eni ake pansi. Alonda, amene anali mtulo pambuyo pa ntchito, anadzuka n'kuwabereka mpaka kumsewu osagwira mphuno n'komwe.

Atatuluka m'chipatala, ataonda ngati ndodo, anakhala pakhonde n'kufotokoza za thaulo. Anafotokoza akuyang'ana pansi, ngati munthu wogwidwa akuba nkhuku.

"Nanga bwanji osanena?" anakalipa Atelala.

"Ndimayesa mukuona, mayi."

"Kuona tinaona! Nanga nsapatozo?"

"N'za malemu mayi akunyumba. Ndinazitsuka, zimachita nkhungu m'sutikesi."

Atelala anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Amene analipo akuti zimenezi sizinachitikepo n'kale lonse.

Tsopano pali dongosolo. M'mawa uliwonse popita kumpopi, Atelala amamenya chitseko chija ndi ndowa.

"A Ntchentche, mwafa?"

"Ayi mayi, ndilipo."

"Chabwino."

N'kupitirira. Kulowa salowa. A Ntchentche anatulutsa mpando wachiwiri pakhonde, koma mpaka pano amakhalapo ndi mphaka wa alonda. Mwana wawo anaimba, analira pafoni, anati adzabwera ana akatsekera sukulu. Sukulu zinatseka n'kutsegulanso.

Thaulo amaliyanikabe, kungoti masiku ano limachedwa. Amadzuka kusanache bwino, amasamba, amavala, chikwama cha mabotolo n'kuika pambali. Kenako amakhala pabedi, thaulo lili pamiyendo, makatani otseka. Amaopa kuti Atelala akaliona pawindo adzati munthuyu ali moyo, n'kungodutsa osagogoda. Ndiye amadikira ndowa ilire kaye pachitseko, ayankhe, mapazi apite, kenako n'kutsegula windo.